Khomo Lopanda Masitepe

Woimba limba wa tchalitchi cha Lutherani cha pakati pa tauni ndiye anapha a Makiyi. Anawakankha pa khomo la m'mwamba masana, dzuwa likuswa mtengo, iwo n'kukagwera pa miyala ya kanjira ka kuseri. Abusa anadziwa, anabisa. Akulu a mpingo anakhala pansi, anamwa tiyi, n'kugamula kuti womwalirayo anali wakuba. Nkhani yake ndi imeneyo, ndipo ilibe pokometsera.

Dzina loti a Makiyi anawapatsa ndi mpingo womwewo, chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo akamayenda. Iwo ndiwo ankatsegula ndi kutseka, kusesa, kuliza belu, kupirikitsa nkhunda padenga, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Tsopano anali gone mu firiji ya ku mochale, ndipo akulu a mpingo anali atanena kuti bokosi lawo lisalowe m'tchalitchi, belu lisalire, mbusa asaperekeze. Mkazi wawo atamva zimenezo anakana kukatenga mtembo.

"Ine sindinakwatiwe ndi wakuba," anauza achibale amene ankamukakamiza. "Ndiye wakubayo ndikamukwirire ngati ndani wanga?"

A ku mochale sanafune kumva zambiri. Anati malo ndi ochepa, Lamulungu likadutsa mtembowo uli pomwepo, a khonsolo adzautenga n'kukauika kumanda a anthu opanda abale.

Kuti mumvetse za khomo limenelo, muyenera kudziwa kuti tchalitchi chija sichinabadwe ngati tchalitchi. A Makiyi ankafotokozera alendo mbiri yake, ndipo mkazi wawo anaimva kambirimbiri mpaka ankatha kuinena akuchapa. Kalekale olamulira mzindawo sankalola a Lutherani kumanga nyumba yopemphereramo. Wamalonda wina wolemera anati iye amanga mosungira katundu. Anamangadi: makoma okhuthala ngati a ndende, mazenera ang'onoang'ono kumtunda kwenikweni kuti wodutsa asasuzumire, ndipo kuseri, pansi pa denga, anaikako khomo lalikulu lopanda masitepe, pamwamba pake chimtengo chotulukira kunja chokhala ndi gudumu la chingwe, chokwezera matumba. Oyendera akabwera ankaona matumba. Kuseri kwa matumbawo kunali mabenchi. Lamulo litasintha ndi pamene anamanga nsanja ya belu kumaso, anapachika gome lolalikirira pa khoma ngati chikho, n'kumanga khonde la m'mwamba mkati momwemo, n'kuikapo limba. Limbalo si la masewera ai. Ndi chinyumba chathunthu cha mapaipi achitsulo, ena ngati chala, ena otalika kuposa munthu, ndipo msana wake unatsamira pafupi ndi khomo lakale lija. Khomolo analisiya, ati ndi mbiri. Nkhope ya wamalonda uja anaisema pa mwala pafupi ndi khomo la kumaso. Woimba limba ndi mdzukulutubzi wake, ndipo mphuno ndi yomweyo.

Mayi wamasiyeyo anayambira kupolisi.

Wofufuza nkhaniyo anali bambo wonenepa wa mawu ofewa, ndipo anamulandira akusenda lalanje. Pansi, m'mbali mwa khoma la ofesi, panali mapaipi angapo, lililonse lokulungidwa palokha mu nsalu yoyera.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma onani nokha. Awa tinawapeza pansi pa khomo lija, omangidwa pa chingwe, bambo ali chigonere pambali pake. Ankatsitsa katundu, phazi linaterereka. Zimachitika."

Mayiyo anagwada n'kugwira nsonga ya nsalu imodzi. Anaidziwa. Zinali nsalu zakale za paguwa, zimene iye mwini anachapa ndi kusita zaka zambiri.

"Bwana, munthu wokagulitsa chitsulo pa sikelo amachikulunga ngati khanda?"

"Akuba ena ndi aukhondo, mayi."

"Amuna anga limba lija sankalikhudza. Ankaletsedwa ngakhale kulipukuta. Wanena ndani kuti amene abedwa ndi okhawa?"

"Aphunzitsi, woimba limba uja. Alowa okha mkati mwake, ayang'ana paliponse. Akuti zonse zili m'malo, kupatula awa. Mwayi wake katundu sanapite patali."

"Iwowo anali kuti tsiku limenelo?"

"Kusukulu. Masana amaphunzitsa ana nyimbo."

"Mwakafunsa kusukuluko?"

Wapolisiyo anaponya kachidutswa ka lalanje mkamwa, anatafuna bwinobwino, kenako anamuyang'ana ngati mwana wofunsa zopusa pamaliro.

"Mayi, makolo a munthu ameneyo ndi amene anamanga tchalitchi chija. Munthu angabe m'nyumba ya makolo ake?"

"Nanga amaba kuti? Kwa eni kumakhala agalu."

"Bweretsani mboni," anatero wapolisiyo akupukuta zala. "Munthu amene anaona, kapena anamva. Osati mkwiyo. Mkwiyo ndili nawo wambiri m'makabati umu."

Kanjira ka kuseri kwa tchalitchi ndi kopapatiza, ngolo ziwiri sizingapatukirane. Magazi anali atawathira mchenga. Mayiyo anaima pa mchengawo n'kukweza maso. Khomo lija linali uko, pamwamba pa khoma losalala, lopanda pogwira, lopanda popondera.

"Mlamu, chokanipo pamenepo. Si pabwino."

Anali wosoka nsapato, amene amakhala motsamira khoma la tchalitchi pa ngodya ya kanjirako, pansi pa pepala la pulasitiki. Ankamutchula mlamu chifukwa iye ndi a Makiyi ankamwera tiyi kapu imodzi. Kuyambira tsiku la ngozi sanapite kukapepesa, ndipo tsopano maso ake anali pa nsapato basi, timisomali tili mkamwa.

"Alamu, munali pano."

"Ine ndimakhala pano, koma maso amakhala pa ntchito."

"Makutu amakhalanso pa ntchito?"

Wosoka nsapatoyo anakhoma msomali umodzi, unapindika, anauzula. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mlamu, khoma ili si langa. Tsiku limene abusa adzati choka, ndidzachoka, ndipo ana anga adzadya zikopa."

"Mnzanu ali mu firiji ngati nsomba. Lolemba akamutaya m'dzenje la anthu osadziwika. Inu mukundiuza za khoma?"

Bamboyo analavulira timisomali m'dzanja. Anayankhula motsitsa, mothamanga, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

"Limba linkalira."

"Tsiku lomwelo?"

"Masana omwewo. Koma osati nyimbo. Liwu limodzi, puuu, n'kusiya. Kenako lina, puuu, n'kusiya. Ngati munthu akusankha mavwende pamsika, kugogoda ili, kugogoda ilo. Si koyamba. Masiku ena kunkabwera kagalimoto koyera kudzaima apa, ine ankandiuza ndikamwe tiyi, ati akukonza. Tsiku lija kanachedwa. Ndinangoona mtolo ukutsika pa chingwe. Kenako ndinamva makiyi a mnzanga akulira m'mwambamo, mukudziwa mmene ankalirira. Mawu a anthu awiri. Kenako..."

Sanamalize. Analoza mchenga uja ndi nyundo.

Mayiyo anakumbukira makiyi aja. Pa mpukutu wa amuna ake panali kiyi wa chipinda chilichonse, wa nsanja, wa kabati ya vinyo, ngakhale wa chimbudzi cha abusa. Kiyi mmodzi yekha ndiye sanakhalepo nkale lonse: wa chivundikiro cha limba. Ameneyo ankakhala m'thumba la woimba limba, ndipo popanda iye limba silinena kanthu.

"Munamuona nkhope?"

"Ai. Nditathamangira mnzanga n'kuyang'ana m'mwamba, ndinangoona chitseko chikubwerera. Chinatsekeka, ndipo ndinamva mpiringidzo ukugwa mkati, gu."

"Apolisi akuti anapeza khomo lili pululu."

"Pofika apolisi linali pululu, inde."

"Analitsegula ndani?"

Wosoka nsapatoyo anabwezera timisomali mkamwa.

"Ine ndinathamanga kukaitana abusa. Anabwera, anaona, anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, n'kulowa m'tchalitchi okha. Zina musandifunse, mlamu. Ndipo kupolisi sindipita. Mundikhululukire, sindipita."

Mayiyo analowa m'tchalitchi kudzera kumaso, kudutsa nkhope ya mwala ija osaiyang'ana. Mkati munali mozizira, mwa mdima wa masana umene mazenera ang'onoang'ono aja amabweretsa. Fumbi linali litayamba kale kukhala pa mabenchi. Pa benchi ya pansi penipeni pa khonde la limba panali mdala wina wogontha, amene makutu ake anathera ku fakitale ya zitsulo. Ankabwera masana ambiri kudzathawa dzuwa. Atamuona anadzuka, anagwira manja ake onse awiri, n'kuyankhula mokweza monga amachitira anthu osadzimva okha.

"Mwana wanga, ndamva. Ndamva ndi maso, anthu akuloza nyumba yanu. Akuti wakuba. Munthu amene ankanditsatira mpaka kunyumba ndikaiwala chipewa."

Mayiyo analoza m'mwamba, ku limba, n'kugwedeza zala ngati woimba. Sankadziwa chimene akufunsa. Anangofuna wina anene chilichonse.

"Limba? Limba linafa kalekale limenelo."

Mdalayo anamuyang'anitsitsa pakamwa, mayiyo n'kupukusa mutu kuti sakumvetsa.

"Ine ulaliki sindiumva, ndipo sindidandaula. Nyimbo sindizimva. Ine tchalitchi chino ndimachimva ndi matako, pepani mawuwo. N'chifukwa chake ndimakhala pa benchi iyi. Akakoka Mkokomo uja, benchi imanjenjemera, msana umanjenjemera, mano omwe ndatsala nawowa amanjenjemera, ndiye ndimadziwa kuti Mulungu alipo ndithu. Koma chiyambire mvula yapitayi, zii. Ndimangokhala ngati ndili pa depoti."

Mkokomo aliyense mu mpingomo amaudziwa. Pambali pa woimba limba pali timitu ta matabwa tokoka, kalikonse kotsegula gulu lake la mapaipi. Kakakulu kwambiri, ka kumapeto, ndi kamene kamatsegula mapaipi akuluakulu a mkati, osaoneka kwa anthu okhala pansi, amene amalira woimbayo akaponda matabwa a kumapazi. Ana ndiwo anautcha Mkokomo. Mayiyo anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anaumva m'chifuwa. Sanalipeze. Anthu a makutu abwino onsewo, palibe anazindikira, chifukwa woimbayo ankadzaza phokoso ndi timapaipi tating'ono, zala zikuthamanga ngati mbewa.

"Ndinawauza amuna anu," mdalayo anapitiriza. "Ndinati a Makiyi, benchi yanga yafa, kapena ndafa ndine? Anaseka. Kenako anasiya kuseka. Anati akamva limba likulira pakati pa sabata akwera akaone."

Mayiyo anakhala pansi pa benchi ija. Ndiye kuti mapaipi aakulu anapita kale, mtolo ndi mtolo, pa kagalimoto koyera. Ndiye kuti munthu amene amakhala pa limbalo Lamulungu lililonse, amene anauza apolisi kuti zonse zili m'malo, ankadziwa. Ndipo masana aja ankaliza limodzilimodzi kuti amve amene angachotse mpingo osazindikira.

Anagwira mdalayo pa phewa n'kuyankhula pang'onopang'ono kuti awerenge milomo: kupolisi.

"Ndipita, bwanji osapita. Koma mwana wanga, akandifunsa kuti munamva chiyani, ine ndidzati sindinamve kanthu. Adzaseka mpaka kugwa pa mipando."

Anakasekadi. Wapolisi uja anachita kutuluka panja kuti akamalize kuseka.

Mayiyo anawapeza abusa Loweruka m'kachipinda kovalira, kuseri kwa guwa, akupachika mkanjo wawo wakuda. Ndi munthu wamtali, wa mawu okoma, wodziwa kugwira dzanja la wofedwa. Mayiyo sanapereke dzanja. Analowa n'kusiya chitseko cha panja chili chotsegula, mphepo ikulowa ndi masamba ouma.

"Mayi athu, khalani pansi. Tiyambe ndi pemphero."

"Mupemphera ndikapita. Munapeza mpiringidzo uli wotseka, abusa."

Dzanja la abusa linaima pa mkanjo.

"Munthu wakugwa sabwerera m'mwamba kukatseka chitseko. Inu munakwera, munapeza chotseka, munatsegula, n'kutsika kukadikira apolisi. Ndikunama?"

"Wakuuzani ndani zimenezi?"

"Ndikunama?"

Abusa anakhala pa mpando pang'onopang'ono. Sanakane. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya.

"Mayi, sindinaone munthu akukankha munthu. Chimene sindinaone sindingachinene. Ndinaona chitseko basi. Mukudziwa kuti malo amene nyumba ino yaimapo akadali m'manja mwa banja lija? Mukudziwa kuti pali anthu akufuna kugwetsa pano amangepo masitolo? Banja lija likatitembenukira, mpingo uno ukapemphera pansi pa mtengo. Nyumba ino yaima mpaka lero chifukwa makolo athu ankadziwa kukhala chete. Ankaimba monong'ona kuseri kwa matumba."

"Ankabisa mapemphero. Inu mukubisa mtembo."

"Mawu amenewo ndi olemera."

"Bokosi ndi lolemera kuposa pamenepo, ndipo ndilibe wondinyamulira."

Abusa anapumira m'mwamba.

"Tamverani. Katengeni thupi. Ikani mwakachetechete m'mawa, anthu asanachuluke. Ine ndibwera ndekha, popanda mkanjo, ndidzapemphera pa manda. Mulungu sasowa belu kuti alandire munthu wake."

"Popanda mkanjo. Mozemba, ngati mukupita kwa chibwenzi. Munthu amene wakulizirani belu moyo wake wonse."

Pamenepo chitseko cha mkati chinatseguka, n'kulowa woimba limba, mabuku a nyimbo ali kukhwapa. Ndi kamunthu kowonda, kaukhondo, ka zala zazitali zoyera. Ataona mayiyo anaima, nkhope inachita ngati yathiridwa phulusa, koma mawu anatuluka bwinobwino.

"Amayi, pepani kwambiri. Tonse zatikhudza. Ine ndinali kusukulu, ndinangomva madzulo."

Mayiyo anangomuyang'ana zala.

Mphepo inakankha masamba ena kulowa m'chipindamo. Woimba limba, maso akadali pa mayiyo, anasuntha chammbali osaganiza n'komwe, anakoka chitseko cha panja chija, anachitseka, n'kugwetsa loko.

"Mphepo imawononga limba," anatero, ngati mmene wakhala akunenera kwa kwaya, kwa ana, kwa a Makiyi, tsiku lililonse la moyo wake.

Kenako anaona dzanja lake lili pa loko. Anaona abusa akuliyang'ana. Anaona mayiyo akuliyang'ana.

"N'chifukwa chake," anatero mayiyo motsitsa. "Munthu ali pansi ubongo uli pa miyala, iwe ukuopa kuti limba lizizidwa."

"Abusa, amayiwa akudwala ndi chisoni. Ndibwerenso nthawi ina."

Anatuluka, mabuku ali kukhwapa, osathamanga.

Potuluka mayiyo anadzera kanjira ka kuseri kuti akagwade pamaso pa wosoka nsapato, amupemphe komaliza. Pa ngodya paja panalibe munthu. Pepala la pulasitiki linali litachotsedwa, pansi posesedwa bwino, patangotsala timisomali tiwiri mu mng'alu wa miyala. Mayi wogulitsa nthochi tsidya lina anati kunabwera akulu a mpingo awiri m'mawa, anayankhula naye mwaulemu, iye n'kumanga katundu wake. Kumene wapita palibe akudziwa.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza, chifukwa anthu amakonda kubwera kumene kwachitika zinthu. Belu analiza ndi munthu wina, molakwitsa, ngati akuitana ana kusukulu. Mayiyo analowa anthu atakhala kale, atavala zakuda, ndipo mitu inatembenuka benchi ndi benchi. Sanakhale. Abusa anali atakwera kale pa gome lawo lopachikika lija, akulengeza nyimbo yoyamba, limba layamba kulira. Iye anakhotera ku masitepe a khonde la m'mwamba n'kuyamba kukwera. Mawondo ankawawa, anagwira khoma. A kwaya anamupatukira okha.

Woimba limba anamuona pa kagalasi kamene amaonera abusa. Zala zinasokonekera, nyimbo inaduka pakati.

"Koka Mkokomo," anatero mayiyo. Sanakuwe, koma nyumba ija anaimanga moti mawu a pa khondepo amafika paliponse. "Unauza apolisi kuti zonse zili m'malo. Koka timve."

"Mayi athu," abusa anayankhula kuchokera pa gome, "ino si nthawi yake."

"Nthawi yake ndi mawa, amuna anga ali m'dzenje la khonsolo? Koka."

Woimba limba anaika manja pa maondo. Mayiyo sanadikire. Anatambasula dzanja, anagwira kamutu ka kumapeto kaja, anakoka mpaka kanagunda. Kenako anakweza phazi, nsapato yake yakuthayo, n'kuponda thabwa lalikulu la pansi ndi thupi lake lonse.

Fuuuu.

Mphepo yokha. Mphepo yotuluka m'mabowo opanda kanthu, ngati tayala lobooka. Fumbi linakwera kuseri kwa limba n'kuoneka pa kuwala kwa kazenera. Anaponda thabwa lachiwiri. Fuuuu. Lachitatu. Anaponda onse, limodzilimodzi, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, misozi ikutsika osaipukuta, ndipo m'nyumba monsemo munalibe ngakhale wotsokomola.

Pansi paja mdala wogontha anaimirira, dzanja lili pa benchi.

"Mwayamba kuponda kodi?" anafunsa mokweza. "Kuno sikunafike kanthu."

"Chiyambire mvula," anatero mayiyo, atatembenukira mpingo, atagwira thabwa la khonde. "Chiyambire mvula munthu uyu wakhala pano Lamulungu lililonse, akuimba pa limba lopanda matumbo, osanena. Kiyi wa limba ali naye yekha. Masana amene amuna anga anagwa, limba linkalira. Atagwa, chitseko chinatsekedwa mkati. Abusa anu akudziwa. Afunseni."

Mitu yonse inatembenukira ku gome. Kunena zoona, kwa kanthawi kochepa mayiyo anakhulupirira kuti zatheka. Anaona mayi wina wa kwaya atagwira pakamwa. Anaona mkulu wa mpingo wina akuyang'ana woimba limba ndi maso ena. Pankangofunika munthu mmodzi kuti aimirire.

Abusa anatsegula buku lawo.

"Abale, mlongo wathu ali pa chisoni chachikulu, timukumbukire m'mapemphero. Limba lili ndi vuto, amisiri aliona. Lero tiimba ndi pakamwa, monga ankachitira makolo athu."

Anayambitsa okha, ndi mawu awo okoma aja. Mzere woyamba anaimba okha. Pa mzere wachiwiri analowa akulu a mpingo. Pa wachitatu analowa amayi a kutsogolo, maso ali m'mabuku. Pofika kumapeto kwa ndime, tchalitchi chonse chinali kuimba, mokweza, mokweza kuposa masiku onse, kuti asamve mayi amene ankayankhulabe pa khonde. Amuna awiri anakwera, anamugwira m'mikono mwaulemu, n'kumutsitsa masitepe mapazi akukhukhuluzika. Woimba limba anabwezera kamutu kaja m'malo mwake, anatseka chivundikiro, n'kuika kiyi m'thumba. Kenako nayenso anatsegula buku n'kuyamba kuimba.

Madzulo ake mayiyo anabwereranso kupolisi. Wofufuza uja anamvetsera, ndipo ulendo uno sanaseke. Anakanda mutu nthawi yaitali.

"Mayi, mwina mukunena zoona. Koma ine ndili ndi wamasiye wokwiya ndi mdala wosamva. Abusa akuti limba langowonongeka. Mukuti tchalitchi chinali chodzaza? Ndibweretsereni munthu mmodzi. Mmodzi yekha wa makutu ake, wa mpingo womwewo, adzanene kuti anamva mphepo ija, ndipo akufuna limba litsegulidwe. Ndikalitsegula ndi manja anga, ndipo mtembo sindilola uchoke ku mochale mpaka nkhani itatha. Popanda zimenezo, manja anga ndi omangika."

Mayiyo anayenda khomo ndi khomo mpaka dzuwa kulowa. Kwina anamuuza kuti bambo kulibe, nsapato za bambowo zili pakhonde. Kwina anamupatsa madzi akumwa n'kulira naye, kenako n'kunena kuti mwana wawo akwatitsa m'tchalitchi chomwecho mwezi wa mawa, awamvetse. Mayi wa kwaya uja, wogwira pakamwa uja, anayankhulira pa zenera, ati iye anali ndi chimfine, makutu anatseka.

Lero ndi Lolemba. Mayi uja wakhala pa simenti pakhomo la mochale chiyambire m'mawa, miyendo atatambasula kutseka njira, mdala wogontha ali pambali pake ndi chipewa m'manja. Galimoto ya khonsolo ikafika adzamunyamula ngati thumba n'kumuika pambali, iye akudziwa zimenezo.

Tsopano inu. Inde, inu amene mukuwerenga, musayang'ane mnzanu. Munali pa mabenchi aja. Ana anu anabatizidwa ndi madzi amene a Makiyi anatunga, maliro a amayi anu analira ndi belu la m'manja mwawo. Makutu muli nawo, mphepo ija munaimva, ndipo munatsegula pakamwa n'kuimba. Kupolisi si kutali, mukudziwako. Mayi uja sakupempha chipepeso, sakupempha nkhata ya maluwa. Akufunsa chinthu chimodzi: mwa anthu onse odzaza nyumba ija, palibe mmodzi amene anamva? Muyankheni, galimoto isanafike.